Mwala Umayamba Kukwera

Milano, 9 Meyi 1587

Okondedwa achemwali anga Apollonia,

Choyamba ndimve za moyo wanu ndi wa abambo. Bondo lawo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti zala zatha khungu ndi mchenga wopalira miyala, ndipo buledi wa m'tauni muno ndi woyera bwino koma sakhalitsa m'mimba. Bortolo akamatsika ndi abulu ake mumupatsireko tchizi, musamane mwana wa amayi anu.

Mwandifunsa kawiri konse ngati ndinayamba kujambula anthu pa miyala. Ayi ndithu. Chaka chachisanu chino ndidakali wokumba m'kati. Bwana Cherubino, mwini shopu, amandipatsa mwala, ine n'kumaponda gudumu ndi phazi, kudonthezera mafuta osakaniza ndi mchenga wakuda, miyezi n'kumapita mpaka mwalawo usanduke chikho. Chikafika pokongola amachitenga n'kupatsa akuluakulu a pa gudumu la pawindo, amene amajambulapo mahatchi ndi akazi osavala. Ogula akabwera, mayina otchulidwa amakhala a iwowo. Ine dzina langa m'shopu muno ndi Mbuzi ya Kuphiri. Panopa ndili ndi mwala wobiriwira wa madontho ofiira, ndinauyamba pa Khirisimasi, ndipo ukhala chikho cha paukwati wa mwana wa munthu wina wolemera wa kuseri kwa mapiri.

Imvani zoseketsa. Dzana amalonda anabweretsa miyala ya kristalo, yoonekera ngati galasi ija imene abambo amasaka kuphiri. Bwana anainyowetsa, kuiyang'ana padzuwa umodziumodzi, n'kuibwezera m'dengu.

"Mitambo yokhayokha! Iwe Mbuzi, kwanu kuja miyala yoyera munadya? Munthu atandibweretsera mwala woyera ngati madzi, waukulu ngati mutu wa mwana wang'ombe, ndikhoza kumukhazika pawindo mawa lomwe."

Anzanga anaseka, inenso ndinaseka, nanga n'kutani. Muwauzeko abambo asekeko nawo.

Kodi nyundo yawo idakali kuphanga limene anapeza chaka chatha? Sanandiuze zimene anaonamo.

Ndine mlongo wanu,
Gervaso

Ronchera, 14 Juni 1587

Iwe Gervaso,

Kalata yako yatipeza tili moyo. Bondo la abambo m'mawa limakana, dzuwa likakwera limavomera pang'ono. Maso ndiwo akunka nachepa, moti akamasoka chingwe amachita kupapasa. Tchizi ndatumiza. Ukamadya uzikumbuka kuti mbuzi zimene zinatulutsa mkakawo ndikuweta ndekha, pamene mbuzi inzawo ikudya buledi woyera ku Milano.

Nkhani yako yoseketsa ija kuno sinaseketse munthu. Abambo anandiwerengetsa katatu pa mutu wa mwana wang'ombe paja, kenako anatuluka n'kukaima pakhomo kuyang'ana kuphiri mpaka chakudya chinazizira. Atalowa anandiuza zimene anabisira aliyense. M'phanga muja muli mwala umodzi wokha, ndipo akuti chibadwire sanaonepo wotere. Anaugwedeza ndithu koma analibe womukokera, ndiye anangosiya nyundo pakhomo pa phanga n'kubwerera.

Lamulo la kuno ukulidziwa, pokhapokha ngati buledi woyera wakuiwalitsa. Nyundo imasunga phanga mpaka tsiku la Mikayeli Woyera la chaka chotsatira, kumapeto kwa Seputembala. Tsikulo likadutsa mwala usanatsike, phanga ndi la aliyense. Ana a Zanetto aja, anansi athu osaka miyala, ayamba kale kudyetsa mbuzi zawo mbali imeneyo, komwe kulibe ndi udzu womwe. Akakumana ndi abambo amawavulira zipewa mwaulemu n'kufunsa za bondo. Sindinaonepo anthu okonda bondo la mnzawo chotere.

Phangalo lili pakhoma la phompho, pofika n'potsikira pachingwe. Ukukumbuka mmene zimakhalira. Munthu akafika amadzimasula n'kumanga mwala, mwala umayamba kukwera, iye n'kutsala chilili pakathanthwe kopapatiza kudikira chingwe chibwerere. Wogwira chingwe amakhala mwana wa mwini nyundo, mlendo ayi. Ndinati ndikagwire ine. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Iwe? Mkazi akauona mwala usanatsike m'phiri, umachita mitambo m'kati. Sunamvepo?"

"Ndiye mupita ndi ndani, ababa? Ndi bondolo?"

"Ndili ndi mwana wamwamuna ine."

Mwana wamwamunayo ndi iweyo. Bwera mu Ogasiti chipale chikasungunuka kumtunda. Ndikuopa, Gervaso, ndipo sindikubisira. Uyankhe msanga.

Mlongo wako,
Apollonia

Milano, 20 Julayi 1587

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Tchizi chafika, zikomo, koma kalata yanu yandichotsera njala. Ndinapita kwa bwana tsiku lomwelo.

"Bwana, ndipempheko milungu ingapo. Abambo akufuna wogwira chingwe."

"Chikho watha?"

"Chatsala pang'ono."

"Pang'ono pakepo ndi pamene chimasweka." Anachitenga n'kuchigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu langa. "Wamva? Mbali iyi yapyapyala ngati chigoba cha dzira. Iyi idakali yochindikala. Akudziwa pamene unasiyira ndani? Ine ayi. Dzanja lako lokha."

Ndi mmene zilili, achemwali, sakunama. M'shopu muno mwala susinthana manja. Amene wayamba kukumba amamaliza yekha, chifukwa m'kati mwa chikho maso saonamo, mumakhala matope okhaokha, chimaona ndi chala. Ndipo dzanja likapuma mwezi limaiwala. Ukwati uja uli mu Okutobala.

Ndinamuuza za mwala wa abambo, ndimati mwina afewa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Munthu aliyense wa kuphiri ali ndi mwala waukulu pakamwa. Ubwere kaye ndiuone."

Ndikathawa, palibe shopu ina mu Milano muno imene idzandilandire, zaka zisanu zija n'kupita pachabe. Ndaganiza mpaka mutu wandipweteka, njira sindikuiona.

Tsono chonde, muwauze abambo momveka bwino. Nkhani ya pawindo ija inali yocheza chabe, sindinkapempha kanthu. Windo sindikulifuna. Phanga alisiye, kapena agawane ndi ana a Zanetto, iwo atsike pachingwe, abambo akhale pamwamba n'kumalamula monga amakondera. Asatsike okha. Muwagwire mwendo ngati n'kotheka.

Bortolo wanyamuka kale ndisanalembe, ndiye kalatayi ndapatsira wamalonda wina wa vinyo amene wati adutsa cha kwathuko. Wandilonjeza kuti aipereka pamanja.

Ndine wanu,
Gervaso

Ronchera, 25 Ogasiti 1587

Kwa mwana wanga Gervaso. Akulembawa ndi ansembe athu, Bambo Ilario, koma mawu ndi anga, ine Taddeo bambo wako.

Moni mwanawe. Ine ndikuyenda. Mlongo wako akuyenda, pakamwa pakenso pakuyenda.

Tinakulembera mu Juni. Bortolo wabwera kuchokera ku Milano chimanjamanja, akuti sunampatse kanthu. Mlongo wako wakwiya. Ine sindinakwiye, chifukwa ndimakudziwa. Uli mwana sunkapempha buledi. Unkangoima pafupi ndi tebulo n'kumanena kuti buledi wa lero waoneka bwino. Kalata yako ya mu Meyi ndi chimodzimodzi, ndipo tsopano wakhala chete chifukwa cha manyazi. Usachite manyazi. Ndamva.

Khala pa ntchito yako, usabwere. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsitsa miyala m'phiri kuti ana a eni ake akhale pawindo. Uwu wokha ukhazika wanga. Za kugawana ndi ana a Zanetto, mlongo wako wandiuza kale ndipo ndakana. Iwowo akagwira mwalawo akagulitsa kwa amene akufuna iwo, iwe n'kukhala mbuzi mpaka imvi.

Bondo ndi langa, ndikambirana nalo. Mwala ukafika, ukamuuze bwana wakoyo kuti anthu a kuno mawu sitimayankhulira kuseka.

Bambo wako,
Taddeo

Ine Ilario ndiwonjezereko pansi pano iwo asakudziwa. Ndawaletsa, sanandimvere. Ngati ungathe, mwana wanga, bwera.

Milano, 8 Seputembala 1587

Achemwali,

Moni, koma mtima suli m'malo. Kodi kalata yanga ya mu Julayi sinafike? Ndinalemba! Ndinalemba kuti asatsike! Wamalonda wa vinyo uja ndamufunafuna m'misika yonse, palibe akudziwa kumene analowera.

Ndapitanso kwa bwana, ndagwada pansi anzanga akuona. Wandidzutsa bwinobwino, wandipatsa vinyo, kenako wandibwezera pa gudumu. Akuti likadutsa tsiku la Mikayeli tikambirana. Ndamuuza kuti pamenepo padzakhala palibe chokambirana, wangokweza mapewa.

Abiseni chingwe. Chiduleni ngati n'kotheka, ndidzagula china. Auzeni kuti ndine wosangalala kukumba zikho mpaka kufa. Ndikupereka kalatayi kwa Bortolo weniweni, ndipo ndamupempha kuti asaime panjira.

Gervaso

Ronchera, 3 Okutobala 1587

Gervaso,

Mwala ndi umenewu. Taukulunga m'chikopa cha nkhosa ndi udzu, Bortolo aupereka m'manja mwako. Makalata ako awiri, ya mu Julayi ndi ya mu Seputembala, afika tsiku limodzi zonse zitachitika kale.

Abambo ali gone, akupumula. Akuti usade nkhawa, ugwire ntchito ndi dzanja lokhazikika, ndipo bwana wako asunge mawu ake.

Zambiri ndidzakuuza. Ndatopa.

Apollonia

Milano, 28 Okutobala 1587

Okondedwa abambo ndi achemwali,

Moni nonse, moni mbuzi zonse, moni ndi bondo lomwe! Mulungu ndi wabwino. Nditamva kuti abambo ali m'nyumba akupumula ndinakhala pansi pomwepo. Apumule ndithu, atopa.

Mukanakhalapo kuti muone! Bortolo anaika katundu uja patebulo, bwana akumwetulira monyoza.

"Ndi mutu wa mwana wang'ombe uja umenewu? Tamasula tione ngati si mutu wa mphaka."

Ndinamasula. Anasiya kumwetulira. Anaitanitsa madzi, kuunyowetsa, anthu awiri n'kuunyamulira pawindo. Magudumu onse anaima popanda wolamula. Mwalawo unangosowa, achemwali, tinkaona denga la tchalitchi kudzera m'kati mwake ngati palibe kanthu. Bwana anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Mkulu wina wojambula, amene chibwerereni sanandipatsepo moni, anandigwira paphewa n'kuti, "Mbuzi iwe, abambo ako ndi munthu."

Pali kachilema kamodzi kokha, mng'alu wotalika ngati chala cha mkombaphala, cha m'mbali. Bwana anausisita n'kudandaula.

"Uwu ndi watsopano, si wa m'phiri. Wina anaugunditsa. Anthu a kwanu manja awo ndi makasu?" Kenako anati, "Palibe kanthu, tidzaubisa. Tidzajambulapo nthambi ya mpesa, mng'alu udzakhala tsinde lake, ndipo palibe adzadziwe."

Ndi mmene timachitira kuno, chilema chilichonse chimavekedwa tsamba kapena mchira wa nsomba.

Tsono imvani, ababa. Wasunga mawu ake. Chikho cha ukwati chinapita, ndipo mwala wanu wapatsidwa kwa ine ndekha, kukumba ndi kujambula komwe. Ukhala mtsuko wa madzi. Ndikulemba kalatayi nditakhala pawindo! Dzuwa likundiwomba pamsana moti ndikuchita manyazi. Mtengo wa mwala Bortolo abweretsa, ndipo pamwamba pake ndaika kabokosi. Muli magalasi a maso. Mukawavala mudzaona ulusi wa chingwe, mudzaonanso makwinya a achemwali.

Inu achemwali musakwiye, koma abambo ananena zoona pokuletsani kupita. Mukanauona inu, bwenzi pano tikulira ndi mitambo. Nanga chingwe anagwira ndani? Anagonja n'kuitana ana a Zanetto? Ndiuzeni zonse, musasiye kanthu.

Pa Pasaka ndidzapempha kubwera.

Mwana wanu wa pawindo,
Gervaso

Milano, 17 Januwale 1588

Achemwali,

Moni. Ndikudziwa kuti chipale chatseka njira ya kumtunda, koma anthu ena a m'chigwa chathu alandirako mawu kudzera kwa oyenda pansi. Ine ndekha ayi. Kodi nthabwala ya mitambo ija inakupwetekani? Ngati ndi choncho pepani, pakamwa panga mumapadziwa.

Magalasi anawakwana abambo? Akuti chiyani za windo? Ndikufuna kumva mawu awo enieni, ngakhale akhale onyoza.

Mtsuko ukuyenda bwino. Kunja kwaoneka kale, tsopano ndili m'kati. Mwalawu ndi womvera, sukukana gudumu. Anzanga akuti dzanja langa lakhwima. Madzulo ndikamasamba m'manja kungalande ndimaganiza za inu nonse muli pamoto, abambo akunamiza ansembe za kukula kwa phanga.

Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Gervaso

Ronchera, 6 Epulo 1588

Mlongo wanga Gervaso,

Njira yatseguka. Bortolo wakwera dzulo ndi makalata ako awiri ndi kabokosi, zonse zinagonera m'nyumba ya alendo kumunsi kwa chigwa nyengo yonse yozizira. Ndawerenga nditaimirira. Tsopano khala pansi iwe.

Abambo anatisiya mu Novembala, patangopita masiku ochepa chichitikire mwambo wa mizimu ya omwalira. Tinawaika pafupi ndi amayi.

Wafunsa kuti chingwe anagwira ndani. Ndinagwira ine. Kutatsala masiku ochepa kuti lifike tsiku la Mikayeli, ndinawapeza m'mawa atanyamula chingwe, akuti akachimanga kumwala n'kutsika okha. Chingwe ndinali nditabisa kawiri, kawiri konse anachipeza. Ndinangovala nsapato zako zakale n'kuwatsatira. Titafika pamwamba pa phompho anati, "Mwala ukamatulukira utseke maso. Wamva?" Ndinati ndamva.

Anatsika bwino, ndikuchita kudabwa. Ndinamva nyundo ikulira nthawi yaitali. Kenako anakuwa kuti koka. Ndinakuwa nanenso kuti, "Ababa, kwerani inu kaye, mwala tiuona pambuyo!" Anandiyankha kuti, "Unayamba waona kuti zoterozo? Mwala umayamba! Koka!"

Ndinakoka, Gervaso. Sindinadziwe kuti mwala ungalemere chotero. Manja anang'ambika, ndinazunguliza chingwe m'chiuno n'kumabwerera m'mbuyo chokhala. Utafika pafupi ndi pamwamba ndinatseka maso monga anandiuzira. Nditatseka maso sindinaone kuti wakodwa pamphuno ya thanthwe. Ndinakoka mwamphamvu, unagunda, ndipo thanthwelo linagumuka. Mng'alu umene bwana wako akuti anachita ndi a manja a makasu ndi umenewo. Zigumukirezo zinatsikira kumene anaima abambo opanda chingwe.

Sanagwe mpaka pansi. Anakodwa pathanthwe lina cha m'munsi, ndinkawamva akubuula. Ndinawaponyera chingwe koma sanathe kudzimanga. Ndinathamanga kutsika phiri kukaitana ana a Zanetto, omwe aja tinkawaseka. Anabwera onse atatu osafunsa funso, anawatulutsa n'kuwanyamula pamapewa mpaka kunyumba. Wamkulu mwa iwo ananyamulanso mwala n'kudzauika patebulo pathu.

Msana unali utathyoka, miyendo sinkamvanso. Anakhala choncho milungu ingapo, mutu uli bwinobwino. Ndinafuna kukulembera zoona tsiku lomwe Bortolo ankanyamuka, anandigwira dzanja.

"Ukamuuza, dzanja lake lidzanjenjemera, adzaswa mwala, ndiye ine ndathyokeranji? Lemba kuti ndikupumula. Ukunama ngati? Si ndagona apa?"

Ndinalemba zimene anandiuza. Pofika nthawi imene ndinati zivute zitani ndikuuza, chipale chinali chitatseka njira.

Tsiku lililonse ankafunsa ngati Bortolo wafika. Ankafuna kumva chinthu chimodzi chokha, ngati unakhala pawindo. Ndinkawauza kuti unakhala, ndisakudziwa. Chinanso chimene ankafunsa ndi chakuti, "Sunatsegule maso, eti?" Ndinkati ayi. Tsopano wandiuza kuti mwala ndi woyera ngati madzi, ndiye sindikudziwa ngati ndiseke kapena nditani. Ndikanatsegula maso bwenzi ndili ndi abambo.

Nthabwala yako sindinakwiye nayo, unkadziwa chiyani iwe. Koma kukwiya ndinakwiya, ndi iwe, ndi iwo, ndi bwana wako, ndi wamalonda wa vinyo amene sindimudziwa n'komwe. Mkwiyowo ndasowa poutula, ndangokhala nawo.

Magalasi ndawayesa ine. Ndi abwino, akanaona nawo. Nyundo ana a Zanetto anakaitenga chipale chisanagwe n'kudzaipachika pachitseko chathu monga mwa mwambo.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Pamanda pali mtanda wathabwa chabe. Unditumizireko kachidutswa ka mwala umenewo, ngakhale kochepa ngati nyemba, ndikakhomerere pamtandapo. Anaufera, aone nawo. Ndipo ngati ungathe kubwera, bwera. Nyumba yakula.

Mlongo wako,
Apollonia

Milano, 2 Meyi 1588

Achemwali anga,

Kalata yanu ndalandira. Sindikufunsani za moyo, ndikudziwa mmene mulili.

Ndinaiwerengera pawindo pomwe paja. Pa Pasaka bwana anandikaniza kubwera, ndipo ndinavomera mosavuta, ndikuti abambo andidikira. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuimba nyimbo pa gudumu, iwo ali m'dothi. Inu musadziimbe mlandu wa maso otseka aja. Munachita zimene anakuuzani, inenso ndinachita zimene anandiuza bwana, ndipo ndayesa kufufuza pamene tikanakhotera, sindikupaona. Mwina ndikanangosunga nkhani yoseketsa ija m'kamwa mwanga.

Bwana atamva anavula chipewa, analipirira Misa, anandipatsa tsiku lonse lopuma. Si munthu woipa. M'mawa mwake ndinamupempha kuti ndipite kwathu. Anatenga mtsuko n'kuugogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu langa. Ndinamva, n'kubwerera pa gudumu. Ndikausiya, palibe wina angaumalize, ndipo abambo adzakhala atathyokera chinthu chongoikidwa pansi pa tebulo. Patsala zaka ziwiri, mwina kuposerapo.

Za kachidutswa kaja, achemwali, ndikuchita manyazi. Palibe. Zidutswa zimene tinacheka poyamba zinapita kwa opanga mabatani Khirisimasi isanafike. Ndawafunsa, akuti zili pa diresi la mayi wina amene sakumukumbuka dzina. Za m'kati sizituluka zidutswa, gudumu limazipera n'kukhala matope. Mwala umene munakoka mpaka manja kung'ambika uja, tsopano ndimaunyamula ndi dzanja limodzi. Wotsalawo ndakhala ndikuusamba m'manja madzulo alionse, wapita ndi madzi a m'ngalande.

Ndinapempha chinthu china. Ndinati, "Bwana, mng'alu uja tiusiye choncho, usabisidwe."

"Chifukwa?"

"Ndi pokhapo patsala pa abambo."

Iye anati, "Mwana wanga, mtsukowu uli kale ndi mwini wake, ndipo iye sanagule abambo ako. Mng'alu palibe amaugula. Jambula mpesa."

Mwini wakeyo ali kutali, kumene amayankhula chinenero china. Akuti sadzathiramo ndi madzi omwe, adzangouika m'kabati n'kumaonetsa alendo.

M'kabokosi kamene akubweretsa Bortolo, kofanana ndi ka magalasi kaja, mupezamo kansanza kotuwa. Musakachape. Ndi kamene ndimapukutira zala pa gudumu. Kutuwako ndi mwala wa abambo, wosakanizika ndi mafuta ndi mchenga. Mukakamange pamtanda. Ndi zokhazo zimene ndakwanitsa.

Mpesa ndinauyamba dzulo. Tsinde likutsata mng'alu bwinobwino, masamba atatu aoneka kale, ndipo anzanga akubwera kudzaonerera. Bwana akuti m'shopu muno simunakhalepo dzanja lokhazikika chotere. Mukapita kumanda muwauze abambo kuti silikunjenjemera. Ndimaliyang'ana, achemwali, ndikulidikira kuti linjenjemere, koma likungojambula.

Ndine mlongo wanu,
Gervaso